Nzeru ya Kumwamba ndi Nzeru ya Likasa

Anzanga ophunzira, ndi inunso aphunzitsi athu olemekezeka, ndipempha malo pang'ono m'magazini yathu ino kuti ndinene maganizo anga pa chinthu chimene tonse tichidziwa bwino, koma sitikonda kuchitchula poyera, ndicho likasa. Ambiri ayesa kuti kubera mayeso ndi mlandu wa malamulo a sukulu chabe, kotero kuti munthu akapanda kugwidwa palibe kanthu. Ine sinditero ai. Ndiganiza kuti likasa ndi nkhani ya mumtima, pakuti lionetsa nzeru imene munthu wasankha kuitsata pa moyo wake.

Tikawerenga kalata ya Yakobo pa mutu 3, tipeza kuti nzeru zili ziwiri. Yoyamba ichokera kwa Mulungu, ndipo tiizindikira pa makhalidwe a mwini wake: sachita zinthu mwamseri, sakondera, akhalitsana bwino ndi anzake, ndipo amvera pomulangiza. Yachiwiri ndi ya pansi pano. Mizu yake ndi kaduka ndi mtima wofuna kupambana ena mwa njira iliyonse, ndipo Yakobo atichenjeza kuti kumene yamera nzeru yotere, chisokonezo sichichedwa kufika. Taonani kuti iye sanena kuti wotsata za dziko ndi chitsiru. Iai, ndi wochenjera ndithu. Mnyamata amene alemba mayankho m'timalemba tating'onoting'ono pa kapepala kobisa m'sokosi wagwira ntchito ya luso. Cholakwa nchakuti luso lakelo walisandutsa kapolo wa chilakolako.

Ife a ku Zomba tiyenera kuidziwa nkhani imeneyi koposa ena, chifukwa likulu la MANEB, bungwe loyendetsa mayeso limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1987, lili m'tauni yathu yomwe ino. M'chaka cha 2020 sukulu zinatsekedwa m'mwezi wa Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo a Folomu 4 anabwerera m'makalasi m'mwezi wa Seputembala. Mayeso a MSCE atayamba kumapeto kwa Okutobala, kunapezeka kuti mapepala ena anali atafalikira kale pa mafoni kupyolera pa WhatsApp. Pa 4 Novembala nduna ya maphunziro ya nthawi imeneyo, Mai Agnes NyaLonje, analengeza kuti mayesowo athetsedwa, ndipo ophunzira m'dziko lonse analembanso m'mwezi wa Januwale 2021.

Tsono tifunse, anavutika ndani? Anavutika msungwana wa pa sukulu yoyendera ya kumudzi, amene analibe ngakhale foni, amene anali kuwerenga usiku ndi katochi atabwera kotunga madzi. Iye sanabe kanthu, koma zimene analemba zinapita pachabe pamodzi ndi za akuba. Anavutikanso makolo amene anayenera kufunafunanso ndalama za ulendo ndi za chakudya, ndiponso Boma linawononga kachiwiri ndalama zimene zikadagula madesiki ndi mabuku. Chimenechi ndicho chisokonezo chija ananena Yakobo, ndipo chinayamba ndi anthu amene anadziyesa ochenjera.

Ndidziwa mau amene ena adzandiyankha nawo. Adzati, iwe ulankhula bwino, koma malo a ku yunivesite za boma ndi ochepa, atate anga anagulitsa mbuzi kuti andilipirire sukulu, ndipo ngati ena onse ali ndi likasa, ine ndekha ndidzatsala m'mbuyo bwanji? Mau amenewa ndi olemera, ndipo sindiwapeputsa. Kufuna ntchito yabwino si tchimo. Kufuna kumangira amai nyumba ya malata si tchimo. Mulungu sakondwera ndi umphawi wathu. Koma chinthu chabwino chisanduka chilakolako choipa pamene munthu anena mumtima mwake kuti ndichipeza basi, ngakhale ndiname, ngakhale mnzanga apwetekeke.

Kumbukirani Esau pa Genesis 25. Njala yake inali yeniyeni, sananamizire. Koma anasinthanitsa ukulu wake ndi chakudya cha tsiku limodzi, nazindikira mochedwa kuti chimene anagulitsa chinali chamtengo wapatali koposa chimene anagula. Wophunzira wa likasa achita chimodzimodzi. Agula setifiketi, nagulitsa zinthu zitatu: kudziwa kumene anadzera kusukulu kuno, mbiri yake yabwino, ndi mtendere wa mumtima. Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Setifiketi ya mapointi okongola, mwini wake ali wopanda kanthu m'mutu, ndiyo mkuyu umenewo.

Solomo anachita mosiyana. Pa 1 Mafumu 3 tiwerenga kuti Mulungu atamuonekera ku Gibeoni namlola kupempha chimene afuna, iye sanapemphe chuma kapena moyo wautali, koma nzeru yoweruzira anthu molungama. Anapempha chinthu chothandizira ena. Apa ndipo pagona kusiyana konse. Chilakolako chifunsa kuti ndidzapezapo chiani. Nzeru ya kumwamba ifunsa kuti ndidzatumikira yani, ndipo kodi ndidzakhoza kumtumikira bwino. Taganizani za namwino amene anakhoza masamu ndi likasa, tsopano ayenera kuyesa muyeso wa mankhwala a kamwana kodwala malungo pakati pa usiku. Pamenepo palibe kapepala ka m'sokosi. Ndani wa ife angakonde kuti kamwanako kakhale mng'ono wake?

Ndiponso tisaganize kuti mtima wa likasa utha tsiku lomaliza mayeso. Dziko lathu linaona m'chaka cha 2013 chimene kuchenjera kopanda kuopa Mulungu kuchita kukakula. Pa nkhani ya Cashgate, akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly anapeza kuti ndalama za boma zoposa K13 biliyoni zinatayika m'miyezi 6 yokha chifukwa cha kuba ndi malipiro achinyengo, ndipo maiko otithandiza anaimitsa thandizo limene anali kupereka ku bajeti ya Boma. Ntchito imeneyi siinachitidwe ndi anthu osaphunzira, iai. Inafuna anthu odziwa makompyuta, macheke ndi mabuku a ndalama. M'chaka cha 2015 bwalo lalikulu la milandu kuno ku Zomba linalamula mmodzi wa iwo, Oswald Lutepo, kukhala m'ndende zaka 11. Sindinena kuti onsewo anabera mayeso ali kusukulu. Ndinena kuti muzu wake ndi umodzi: kufuna kukolola pamene sunalime.

Tauni yathu itiphunzitsa zambiri tikaiyang'ana bwino. Muno muli likulu la mayeso. Muno muli yunivesite ku Chirunga, kumene Chancellor College inasamukira m'chaka cha 1973. Muno muli bwalo lalikulu la milandu, ndipo muno mulinso ndende yaikulu. Munthu akhoza kuyenda pansi tsiku limodzi naona nyumba zonsezi. Maphunziro okha sasankhira munthu khomo limene adzalowa pa makomo amenewa. Chisankha ndi mtima umene wanyamula maphunzirowo.

Ngakhale phiri lathu lichitira umboni. Madzi amene timwa m'tauni muno atsika kuchokera pamwamba, ku damu la Mulunguzi, ndipo asungika chifukwa cha mitengo ndi udzu wa m'phirimo. Mtengo wa paini utenga zaka zoposa 20 kuti ukhwime. Wodula mitengo yanthete kapena wotentha tchire apeza kandalama kapena kanyama ka lero, koma asiya phiri lambee, ndipo ludzu ndi zigumukire zidzagwera ngakhale amene sanagwire nkhwangwa. Maphunziro ali ngati mtengo umenewo: afuna zaka, ndipo wofulumira kudula aononga za iye mwini ndi za anzake omwe. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kwa inu aphunzitsi athu, ndi kwa makolo amene adzawerenga magazini ino, ndili ndi pempho limodzi, ndipo ndilinena mwaulemu. Ife ana timvetsera kwambiri chimene akulu atama. Ngati tsiku lililonse timva za mapointi okhaokha, ndipo wopeza mapointi 6 ndiye munthu, wopeza 30 mwa thukuta lake palibe womutchula, tidzaphunzira kuti mapointi aposa chilungamo. Titameni pamene takhoza, inde. Komanso mutameni uja amene analemba zochepa zimene adziwa, nakana zambiri zimene sanazigwirire ntchito. Mwana akabwera kwanu nati sindinamve phunziro lakutilakuti, mlandireni mokondwa, pakuti ameneyo wasankha njira yoongoka.

Ndipo kwa inu anzanga, anyamata ndi asungwana, ntchito yathu siili kutali. Nzeru ya kumwamba siyamba m'chipinda cholembera MSCE. Iyamba pa ntchito yokalembera kunyumba, pamene ukana kukopera za mnzako, ndi pa kamayeso ka pa sabata pamene aphunzitsi atuluka panja. Wina akakutumizira pa foni pepala limene ati ndi la mayeso, usalitsegule, usalitumize kwa ena, ndipo udziwitse aphunzitsi. Amene udziwa masamu, khala pansi ndi mnzako wovutika umlongosolere, m'malo momuonetsa yankho pansi pa desiki. Kumeneko ndiko kukonda mnzako. Yakobo yemweyo, pa mutu 1, atilimbikitsa kuti wosowa nzeru aipemphe kwa Mulungu, chifukwa Iye sakaniza. Tipemphe tsono, kenaka titsegule mabuku.

Sindilonjeza kuti aliyense wokana likasa adzapita ku Chirunga. Ena adzapita, ena adzaphunzira ntchito za manja, ena adzalima kapena kuchita malonda. Koma aliyense wa iwo adzagwira setifiketi yake osaopa kufunsidwa za m'kati mwake, ndipo pa ntchito iliyonse anthu adzakhoza kumsungitsa ndalama zao, ana ao ndi odwala ao. Anthu otere ndiwo dziko la Malawi liwasowa, ndipo ine ndifuna kuti sukulu yathu idziwike nao.