Thukuta la mlovi lisathere m'madzi

Abale ndi alongo a kuno ku Benga, pali nkhani yomwe timangonong'onezana pagombe: malipiro a alovi ndi aganyu. Tiyeni tiyikambe poyera.

Boti likafika m'mawa ndi usipa, mwini chilimira amayamba wachotsa ndalama ya mafuta, ya nyali ndi ya chakudya, yotsalayo n'kugawana ndi alovi. Kugawana kotere sikolakwika ayi. Vuto n'lakuti kawirikawiri mlovi sauzidwa kuti mafuta adagulidwa zingati, nanga nsomba zapita pa mtengo wanji. Mwera ukavuta masiku atatu, ngongole ya mafuta imamugwera yemwe wachezera kukoka ukonde. M'minda ya mpunga nakonso, mayi amawokera ndime yonse, pomaliza n'kuuzidwa kuti abwere mpunga ukagulitsidwa. Nanga ana ake adya chiyani lero?

Malamulo alipo. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, koma ana timawaona ndithu akunyamula nsomba nthawi ya sukulu. Mu 2025 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K90,000 kufika pa K126,000 pamwezi, yomwe ndi pafupifupi K4,846 patsiku. Mlovi amalandira mogawana, osati pamwezi, komabe ndalama imeneyi ndi muyeso wabwino. Munthu wogwira tsiku lathunthu asamapite kunyumba ndi ndalama yochepera pamenepo.

Eni maboti nawonso tikuwamva. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, injini, maukonde ndi mafuta zidakwera mtengo. Koma ufa, sopo ndi mchere zomwe mlovi amagula zidakweranso. Mtolowu tisenzerane, tisamuunjikire wosauka yekha.

Tikupempha zinthu zinayi. Mtengo wa ganyu tizigwirizana ntchito isanayambe, pamaso pa mboni. Nsomba ziziyezedwa ndi kugulitsidwa alovi akuona, ndipo ndalama ya mafuta izilembedwa m'kope. Waganyu alipidwe tsiku lomwe wamaliza. Ana akhale kusukulu, asapezeke pathandala.

Komiti ya pagombe ndi mafumu athu angathandize kuti izi zitsatidwe. Zikakanika pamudzi, ofesi ya zantchito ku boma la Nkhotakota ilipo, ndipo wodandaula asaope kupitako. Mwini boti amene amawerengera poyera sasowa alovi nyengo ya usipa ikafika.