Ndalama ya msodzi sinunkha matemba

Anyamata a ku Swang'oma, tamverani izi. Loweruka nditaweruka kokonza injini ya boti, ndinalowa m'bala ina pa Migowi, ovolosi ili girisi yekhayekha. Kuitanitsa Kuche Kuche, anandipatsa yofunda ngati tiyi, ati magetsi anathima. Kungofika bwana wagalimoto, yozizira inatuluka pompo! Chenje changa mpaka kukuwa katatu. Chimbudzi osanena, sipika ikugonthetsa m'khutu.

Eni mabala, mwaiwala 2018? Chilwa itaphwa, matemba atasowa, munkagulitsa kwa ndani? Si munkangoingitsa ntchentche pa kauntala?

Ndiye amangwetu, pomwe akutinyoza tisapondepo. Timagona pamadzi kuti tipeze ndalamayi. Bola Chibuku pansi pa mtengo, ulemu ulipo.

Tumizani kwa anzanu.