Achinyamata a ku Mchinji angathe kuika Chichewa m'mafoni

Mafoni ambiri omwe amagulitsidwa ndi kukonzedwa pa Boma la Mchinji, monga a Tecno, itel ndi Samsung, amayendera Android, pulogalamu yomwe kampani ya Google inatulutsa mu 2008. Maziko a pulogalamuyi ndi otsegukira aliyense, ndipo munthu akhoza kuwawerenga, kuwasintha komanso kuwagawira anzake popanda kulipira.

Ufulu umenewu ndi umene unathandiza kuti magulu a anthu ongodzipereka akhazikitse mapulogalamu awoawo oyendetsera mafoni. LineageOS inayamba mu 2016 pogwiritsa ntchito maziko a Android, postmarketOS inayamba mu 2017, ndipo chaka chomwecho gulu la UBports linatenga Ubuntu Touch kampani ya Canonical itasiya ntchitoyo. Maguluwa amatsitsimutsa mafoni akale omwe opanga ake analeka kuwasamalira, zomwe n'zofunika m'dziko lomwe ambiri sangakwanitse kugula foni yatsopano kawirikawiri.

Ambiri amaganiza kuti olandiridwa m'magulu otere ndi akatswiri olemba mapulogalamu okha. Zoona zake n'zakuti khomo lapafupi kwa wachinyamata wa ku Mchinji ndi kumasulira. LineageOS imalandira omasulira kudzera pa Crowdin, pomwe UBports imagwiritsa ntchito Weblate. Munthu amalembetsa kwaulere, n'kumamasulira mawu amodziamodzi omwe amaoneka pa foni, ndipo ngati chiyankhulo chake palibe, amapempha kuti chiwonjezedwe.

Apa Mchinji ali ndi mwayi wapadera. M'dongosolo la ziyankhulo za pa kompyuta, Chichewa ndi Chinyanja zili ndi chizindikiro chimodzi, choncho ntchito yomasuliridwa pa Boma itumikiranso anthu a ku Chipata. Anthu omwe amadutsa pachipata cha Mchinji ndi Mwami tsiku ndi tsiku amadziwa mawu omveka mbali zonse ziwiri, nzeru yomwe womasulira wa ku Blantyre sangakhale nayo mokwanira.

Khomo lachiwiri ndi la amisiri okonza mafoni. Iwowa akhoza kuyesa mapulogalamuwa pa mafoni akale, n'kulemba lipoti lofotokoza mtundu wa foni, chomwe chavuta komanso momwe vutolo linayambira. Lipoti lomveka bwino limapulumutsa nthawi ya akatswiri.

Komabe zopinga zilipo. Pamndandanda wa mafoni omwe LineageOS imagwirapo ntchito pachuluka Samsung, Xiaomi, Motorola ndi Google Pixel, pomwe Tecno ndi itel sapezeka kawirikawiri. Kuika pulogalamu yatsopano kumafufuta zonse zomwe zili m'foni, ndipo mapulogalamu ena a mabanki amakana kugwira ntchito pa foni yosinthidwa. N'chifukwa chake woyamba kumene sayenera kuyesera pa foni yomwe amadalira pa malonda, kapena ya kasitomala yemwe sanavomereze. Mtengo wa intaneti ndi kuzimazima kwa magetsi nazonso zimabwezeretsa ntchito m'mbuyo, ngakhale kuti kumasulira sikudya mabandulo ambiri.

Ntchitoyi ilibe malipiro, koma chilichonse chomwe munthu wachita chimalembedwa poyera pa dzina lake, ndipo chingakhale umboni pofunsira ntchito. Makampani akunja amaika patsogolo ziyankhulo zowabweretsera phindu, kotero Chichewa chidzalowa msanga m'mafoniwa pokhapokha eni ake atayamba okha kumasulira.