Mwana Akasowa, Timathamangira Kumenya Ndani?

Imwe a ku Chama, mvula ikagwa yeniyeni mumadziwa mmene zimakhalira. Mseu wa ku Lundazi usanduka phala, mitsinje idzala, ndipo munthu ukachoka kumunda wa mpunga kulibe kwina koyenda. Foni yachajiwa pa sola, nsima mwadya, manje funso ni limodzi chabe: tionere chani? Sabata ino tikambe za Prisoners, filimu ya ku America ya mu 2013. Si yatsopano, koma nkhani yake sikalamba, chifukwa ikamba za chinthu chimene kholo lililonse limaopa kupambana imfa yake: kuitana mwana madzulo, iye osayankha.

Nikuchenjezeni zinthu ziwiri. Choyamba, iyi si filimu ya ana, agonekeni poyamba. Chachiwiri, pansipa ndiulula mathero. Ngati simukonda kuuziwa, pindani pepa, mukaonere, mubwerenso.

Nkhani yake

Mabanja awiri a pa neba, la Dover ndi la Birch, akumana kuti adye pamodzi pa tsiku la Thanksgiving ku Pennsylvania. Atsikana awo aang'ono, Anna ndi Joy, atuluka panja. Sabwerera. Masana amenewo anawo anali kusewera pafupi ndi chimotoka chakale, zija zokhala ngati nyumba zimene munthu angagonemo. Wapolisi wofufuza milandu, Loki, agwira woyendetsa motokayo, Alex Jones, mnyamata wamkulu thupi koma wa nzeru za mwana wa zaka 10. Umboni palibe, ndipo patapita masiku awiri apolisi amumasula.

Apa ndipo atate a Anna, Keller Dover, aganiza kuti lamulo lalephera. Amugwira okha Alex, amutsekera m'chinyumba chakale chosiyidwa, ndi kuyamba kumumenya kuti aulule kumene anabisa ana. Masiku apita, mnyamata sakamba, ndipo nkhanza zikulirakulira.

Pamene filimu yalasa

Ife tinazolowera kuti filimu iliyonse ili ndi mwine filimu, ndipo iye salakwa. Amene anatsogolera filimu iyi, Denis Villeneuve wa ku Canada, uja anadzapanga Dune mu 2021, anatitchera msampha pomwepo. Keller ni Hugh Jackman, Wolverine amene timamuombera m'manja akamathyola anthu. So akagwira Alex, mtima wanu uti, "Eya ba tate, mumenyeni aulule!" Koma kamera sithawa. Ikuonetsani nkhope yotupa mpaka maso osaoneka. Ikuonetsani Keller akuphwanya sinki ndi hamala pafupi ndi mnyamata wonjenjemera. Kenako amukhomera m'kabokosi ka matabwa kopanda kuwala, ndi kumuthira madzi otentha, kenako ozizira. Pofika apa manja anu asiya kuomba, ndipo simudziwa kuti munalekera pati kumukonda mwine filimu. Mafilimu ochepa chabe amakwanitsa zimenezi.

Keller si chidakwa cha pa bala kapena kawalala. Ni kalipentala, munthu wopemphera, wosamala banja. Filimu iyamba iye akunena pemphero la Ambuye m'thengo. Patsogolo ayesanso pemphero lomwelo pafupi ndi kabokosi kaja, koma akafika pa mau okhululukira ena, pakamwa pauma. Palibe amene akukulalikirani, mwaona nokha.

Muyang'anenso atate a Joy, Franklin, amene ni Terrence Howard. Uyu ni munthu wofatsa. Adziwa kuti zimene zichitika ni zoipa, alira, koma ni yemweyo amene agwira Alex kuti Keller amenye bwino. Kunena zoona, ambiri a ife sitili Keller. Tili Franklin: sitiponya mwala, koma timaima pamenepo, ndipo palibe amene timamuletsa.

Zithunzi nazo ni zapamwamba. Wogwira kamera, Roger Deakins, anafika pa mndandanda wa opikisana pa mphotho ya Oscar chifukwa cha ntchito iyi. Mvula, matope, mitengo yopanda masamba, kuzizira kumene mumakumva olo muli m'chigwa cha Luangwa. Pamene Loki, amene ni Jake Gyllenhaal, athamangitsa motoka usiku kupita ku chipatala, magazi akulowa m'diso, malaiti a mu mseu akusokonekera, mudzapeza kuti mwaimirira osadziwa.

Pamene filimu yatsimphina

Manje tiyeni ku zofooka, chifukwa zilipo. Filimu iyi ni ya maminitsi 153, maola awiri ndi hafu. Ngati batire ili pa hafu, musayambe. Kutalika kokha si mlandu, koma pakati pake nkhani isochera. Muli wansembe amene m'chipinda chake cha pansi muli mtembo. Muli mwamuna wina, Bob Taylor, wojambula njira zokhotakhota pa makoma, wosunga njoka m'mabokosi pamodzi ndi zovala za ana zopaka magazi a nkhumba. Zonsezi pa last zilumikizana, koma mokoka ndi chingwe. Njoka zija ntchito yake ni kukudzidzimutsani chabe.

Wapolisi wathu nayenso ali ndi mafunso. Atiuza kuti Loki sanalepherepo mlandu. Koma alowa m'nyumba zoopsa yekha, amenya Taylor pomufunsa mpaka munthuyo alanda mfuti ndi kudziwombera, ndipo chinsinsi cha kamkanda ka pa mtembo uja achizindikira mwamwayi, atakwiya ndi kumwaza mapepala a pa tebulo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono ni kudekha. Apa wolemba nkhani, Aaron Guzikowski, sanadekhe, anangomupatsa yankho m'manja.

Nanga azimai? Apa ndipo filimu yandikhumudwitsa maningi. Amai a Anna, Maria Bello, akhala pa bedi atamwa mapilisi ogonetsa pafupifupi filimu yonse. Amai a Joy ni Viola Davis, katswiri amene anawina Oscar mu 2017, koma amupatsa malo amodzi chabe otentha: amasula Alex momunyengerera, iye ayesa kuthawa, ndipo pambuyo pake auza amuna awo kuti asamuthandize Keller koma asamuletsenso. Kwatha. Imwe amai a ku Tembwe kapena kwa Kambombo, mwana atasowa mungagone? Chitenje m'chiuno, khomo ndi khomo, mpaka ku mtsinje. Filimu yasandutsa chisoni cha amai kukhala tulo, ndipo cha atate kukhala nkhani yonse.

Wakuba anawo ni Holly Jones, amai achikulire amene aliyense aganiza kuti ni anti ake a Alex. Melissa Leo wasewera bwino, ndipo kuti chilombo chikhale mai wofatsa wokuitanirani m'nyumba ni nzeru yabwino. Koma chifukwa chake ni chopepuka. Akuti iye ndi amuna ake mwana wawo atamwalira ndi khansa anayamba kuba ana a ena kuti makolo ataye chikhulupiriro, ati nkhondo yolimbana ndi Mulungu. Afotokoza zonsezi ndi pakamwa, mfuti ili m'manja, ngati mmene amachitira akawalala a m'mafilimu otchipa.

Chofooka chachikulu ni ichi: filimu ifuna kudya uku ndi uku. Itionetsa kuti kuzunza ni koipa, koma itiuzanso kuti Alex analidi ndi anawo m'motoka, ndipo ali m'kabokosi atchula mau amodzi okhudza njira zokhotakhota zija. Ndiye wina atha kuzima foni ndi kunena kuti, "Mwaona? Ba Keller sanalakwe." Ayi mwandi, bwezani kumbuyo muone bwino. Alex dzina lake lenileni ni Barry, mwana amene Holly anamuba zaka 26 zapitazo. Keller anali kuwotcha ndi madzi mwana wosowa wa mai wina. Chimene chinatsegula nkhani si chibakera. Joy anathawa yekha ndi kukamba. Loki anafika kwa Holly chifukwa anapita kukamuuza kuti Alex wapezeka. Ndipo nthawi imene Loki anataya polondola Keller inali nthawi ya Anna. Filimu ikadalimba mtima pa mfundo iyi, bwenzi ili ya mamakisi onse.

Za kuno kwathu

Musaganize kuti izi ni za azungu. Mu October 2022, atsikana 13 anapulumutsidwa m'nyumba ina ku Chalala mu Lusaka, ena atasungidwamo miyezi ingapo. Inali nyumba wamba, pakati pa nyumba zina. Chinawapulumutsa ni chakuti mmodzi anathawa, ndipo amene anamuona anamumvera ndi kumuthandiza. Anyamata awiri amene anawasunga anaweruzidwa kukhala m'ndende moyo wonse mu 2023. Apa filimu inakamba zoona: choipa chimabisala m'nyumba imene simungaiganizire.

Koma kumbukiraninso za ma gassing. Mphekesera zinayambira ku Chingola kumapeto kwa 2019, ndipo pofika mu March 2020 anthu pafupifupi 50 anali ataphedwa ndi magulu a anthu okwiya m'dziko muno. Kukhala mlendo m'komboni kunali kokwanira kuti uthamangitsidwe. Ku Malawi mu 2017, mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi Phalombe zinaphetsanso anthu. Mantha akabwera, sitisankha munthu wamphamvu. Tisankha Alex wa pamudzi pathu: mnyamata wosakamba bwino, wodwala mutu amene amayenda yekha pa maliketi, wogula mpunga wochokera kutali, kapena ambuya okhala okha kumapeto kwa mudzi. Ndipo dziwani kuti mu Zambia lamulo la Witchcraft Act limati kutchula munthu kuti ni mfiti ni mlandu.

Tsopano Chama si Pennsylvania. Kwa Chifunda kapena kwa Chikwa kulibe Loki amene adzafika ndi motoka mu maminitsi 10, makamaka mu February. Ndiye maola oyamba ali m'manja mwanu, ndipo ola lililonse limene mwathera pa kumanga munthu pa mtengo ni ola limene simunafufuze.

Mwana akasowa, musayembekeze kuti kuche. Uzani a mfumu nthawi yomweyo, agawe anthu: ena ku mtsinje ndi ku zitsime, ena njira ya kusukulu, ena kuminda. M'chigwa cha Luangwa madzi osefukira, ng'ona ndi njovu ni zoopsa zenizeni, ndiye itanani ma scout a nyama za m'thengo, iwo adziwa kuwerenga mapazi kupambana wapolisi aliyense wa mufilimu. Musalole khamu kupondaponda pamalo pamene mwana anaonekera komaliza. Funsani anzake modekha, mmodzimmodzi, popanda mkwapulo, chifukwa mwana woopa amabisa. Tumizani uthenga ku polisi pa Boma, mufunse a Victim Support Unit, kapena tumani foni pa 116, nambala yaulere ya Childline. Lengezani pa wailesi ndi m'matchalitchi. Uzani oyendetsa mabasi, malole ndi njinga zamoto, pakuti njira zotulukira m'boma lino ni zowerengeka. Ndipo lero lomwe, mwana ali pakhomo, mujambuleni chithunzi chooneka bwino nkhope, musunge mu foni.

Musaiwale kufunsa za achibale. Ana ena sasowa usiku ayi. Amachoka masana, ndi chikwama, ndi anti amene alonjeza sukulu ku Lusaka kapena ku Copperbelt, kenako foni osayankha, mwana wasanduka wantchito wa m'nyumba. Ena amatengedwa ku ukwati asanakule. Lamulo loletsa kugulitsa anthu la mu 2008 ndi lamulo la ana la mu 2022 alipo chifukwa cha zinthu zotere. Ngati mukukayikira munthu, mutchuleni kwa apolisi ndi kwa a mfumu, osati kwa khamu. Wakufa sayankha mafunso, ndipo ngati anadziwa kanthu, wapita nako.

Mamakisi

Prisoners ndiipatsa 8 pa 10. Awiri ndachotsa chifukwa cha njoka ndi chifukwa cha azimai ogonekedwa. Mathero ake ni okoma: Keller ali m'dzenje pansi pa motoka yakale kwa Holly, aliza kapinto kofiira ka mwana wake, Loki ali panja amva kamau patali, atembenuka, ndipo filimu yatha. Ngati atulukamo, jele imuyembekeza.

Muonere ndi amuna anu, akazi anu kapena a neba. Ikatha mufunsane funso ili: Alex nayenso anali mwana wosowa wa munthu, nanga n'chifukwa chani kwa maola awiri sitinamumvere chisoni? Paja mwana wa mnzako ni wako yemwe, ndipo mwambiwu sunapatule uja wosakamba bwino.

Tionana sabata ya mawa. Ana awerengeni asanagone.