Kompyuta yakana kuyaka? Musathamangire kuifomata

Kompyuta ya patebulo ikangokana kuyaka, pakhomo mtendere umatha. Mwana ali ndi ntchito ya kusukulu yoti apereke mawa, mayi anasungamo mndandanda wa anthu angongole, zithunzi za ukwati zili momwemo. Mukainyamula kupita nayo kwa okonza, mawu amene mumakumana nawo ndi awiri: "motherboard yapsa" kapena "tingoifomata basi". Nthawi zina n'zoona. Koma kufomata kumafufuta zonse, ndipo chamtengo wapatali m'bokosimo ndi mafayilo anu amene ali pa hard drive. Kompyuta ikakana kuyaka, mafayilowo kawirikawiri amakhala ali bwinobwino. Chimene chimawapha ndi phuma. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho tiyeni tiifufuze pang'onopang'ono, kuyambira kukhoma mpaka mkati.

Ngati mwadina batani koma kuli zii, palibe kuwala kapena fani yozungulira, kayikirani magetsi kaye. Lumikizani chaja ya foni pa soketi yomweyo muone ngati ikugwira. Chotsani ekisitenshoni, mulumikize kompyuta kukhoma mwachindunji. Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito kuno ili ndi fyuzi mkati, ndipo fyuziyo ikapsa chingwe chonse chimafa. Monita zambiri zili ndi chingwe chofanana ndi cha kompyuta, ndiye sinthanitsani muone. Suzumiraninso kumbuyo kwa bokosi. Makompyuta ena ali ndi kaswitchi kolembedwa 0 ndi I, kamene mwana kapena wosesa angakadine osadziwa. Akale ena ali ndi kaswitchi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi athu ndi a 230, ndiye kakhale pomwepo. Mukakasunthira pa 115, power supply imatha kupsa nthawi yomweyo.

Zonsezi zikakhala bwino, zulani chingwe, dinani batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 30, kenako bwezerani chingwe n'kuyatsa. Izi zimachotsa magetsi otsalira mkati, ndipo nthawi zina kompyuta imene inakakamira magetsi atazima mwadzidzidzi imadzuka ndi zomwezi.

Nanga ngati fani ikuzungulira koma sikirini ili bii? Yambani ndi chingwe cha VGA kapena HDMI, mwina changokhwefuka. Ngati kompyutayo ili ndi graphics card yapadera, chingwecho chilowe pa khadiyo, osati pa bowo lina la pamwamba. Mvetseraninso ngati ikulira kuti bii bii, kapena ngati nyali ya pa batani ikuphethira. Kumeneko ndi kulankhula kwake. Dell ndi HP aliyense ali ndi tanthauzo lakelake la kuliraku, ndiye werengani kuti yalira kangati, mukafufuze pa intaneti pamodzi ndi dzina la kompyutayo.

Wolakwa wodziwika pa vutoli ndi RAM, timatabwa titalitali timene timaimikidwa pa motherboard. Zimitsani, zulani chingwe, tsegulani bokosi, ndipo gwirani kaye chitsulo chake kuti magetsi a m'thupi mwanu asawononge zinthu. Kankhani timaloko ta m'mbali, zulani RAM, chotsani fumbi ndi kaburashi kouma, n'kuibwezera mpaka timalokoto titatseka. Ngati zilipo ziwiri, yesani imodziimodzi. Pomwepo muonanso kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka CR2032. Kakatha mphamvu, kompyuta imayamba kuiwala tsiku ndi nthawi, ndipo ina imaima poyaka n'kumafuna kuti mudine F1. N'kosavuta kusintha.

Pali ina imene imayaka bwinobwino, koma mukangoigwiritsa ntchito kwa kanthawi, phi, yazima yokha. Imeneyo mwina ikutentha. Purosesa ikatentha kwambiri, kompyuta imadzizimitsa kuti isapse. Fumbi la m'chilimwe limatseka fani, ndiye kukabwera kutentha kwa Okutobala zinthu zimafika poipa. Itulutseni panja, muipemerere ndi blower mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopyola muyeso. Madzi ayi, nsalu yonyowa ayi. Musaipanikize kukhoma, ndipo kansalu kokongola kamene timaivindikira kaja kazichoka ikamayaka. Chinthu chimodzi chokha musatsegule: power supply, kabokosi kamene chingwe cha magetsi chimalowamo. Kamasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula chingwe. Kakafa, kamangosinthidwa konse.

Ikamaonetsa sikirini yabuluu, ijambuleni ndi foni msanga. Pansi pamakhala mawu otchedwa stop code, ndipo ndi amene amaloza gwero la vuto. Mwachitsanzo, MEMORY_MANAGEMENT kawirikawiri imaloza ku RAM, imene mungaiyeze ndi Windows Memory Diagnostic, pulogalamu imene ili kale mu Windows. Dzifunseninso kuti chasintha n'chiyani. Mwalumikiza purinta yatsopano? Mwana waikamo gemu? Zulani zonse za pa USB kupatula kiyibodi ndi mausi. Pa Windows 10 ndi 11, kompyuta ikalephera kuyaka kangapo motsatizana imatsegula yokha Automatic Repair. Kuchokera pamenepo mutha kulowa mu Safe Mode, n'kuchotsa chimene mwaikamo posachedwa, kapena kukopera mafayilo anu pa fulashi.

Koma mukamva hard drive ikulira kuti kete kete mobwerezabwereza, lekani zoyesayesa. Zimitsani pompo. Kulirako kumasonyeza kuti ikufa, ndipo kuiyatsa kulikonse kumachepetsa mwayi wopulumutsa zimene zili mkati.

Zikakukanikani, pitani nayo kwa okonza, palibe chochititsa manyazi. Koma musanaisiye, nenani momveka bwino: "Achimwene, musaifomate ndisanavomere." Hard drive imatha kuchotsedwa n'kulumikizidwa pa kompyuta ina, mafayilo n'kukopedwa, ngakhale motherboard itapsadi. Ngati inatsekedwa ndi BitLocker, padzafunika nambala yotsegulira, imene kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Lembaninso kukula kwa RAM ndi hard drive yanu musanachoke, ndipo akasintha chipangizo, pemphani kuti akupatseni chakalecho.

Ikadzuka, musadikire ulendo wachiwiri. Magetsi akazima, zulani chingwe kukhoma, muchibwezere akabwera n'kukhazikika. Chitani chimodzimodzi kukamachita ziphaliwali. Ngati m'thumba mukulola, gulani UPS, imene imakupatsani mphindi zingapo zoti musunge ntchito n'kuzimitsa bwino. Ndipo lero lomwe, koperani zithunzi ndi zikalata zofunika pa fulashi kapena pa Google Drive, pomwe akaunti yaulere imakhala ndi malo okwana 15 GB. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.