Wojambula Adye Chiyani?

Chikondwerero cha mabuku a nthano zazithunzi ku Angoulême, m'dziko la France, chinayamba mu 1974. Mahotela akhala akudzaza, osindikiza akuwerenga makwacha awo. Nanga mwini cholembera? Kafukufuku amene anaulutsidwa komweko mu 2016 anapeza kuti mwa olemba ndi ojambula amene anafunsidwa, 36 pa 100 alionse anali pa umphawi. Ku France, abale inu!

Zaka zonsezo munthu ankakhala pa tebulo tsiku lathunthu, kujambulira aliyense wogula buku kachithunzi kaulere mpaka dzanja kuchita dzanzi, ati kumeneko ndiye kutchuka. Ena amvekere, “Si amaitanidwa kunja miyezi itatu, kugona ndi kudya ulere akujambula?” Eya, amaitanidwadi. Akamabwerako amapeza eninyumba ali pakhomo, akufuna lendi ya miyezi itatu yomweyo.