Bambo akamathamanga, madzi atunge ndani?

Omvera athu a ku Maniamba, mukaona bambo akuthamanga m'bandakucha mumsewu wopita ku Metangula, musamuseke kuti akuthawa ngongole. Akuteteza mtima wake ku matenda a kuthamanga kwa magazi ndi shuga.

Mpikisano wa marathon ndi wa makilomita 42, ndipo thupi silizolowera mtunda wotere pa mwezi umodzi. Komanso kuthamanga tsiku ndi tsiku kumatha kupweteka mawondo. Ndiye chifukwa chake akatswiri amasinthasintha: lero kuthamanga, mawa njinga kapena kusambira. Ngakhale Maria Mutola, amene anapata mendulo yagolide pa mamita 800 ku Sydney mu 2000, anayamba ndi mpira wamiyendo. Ife kuno tili nazo kale njinga, zitunda, khasu ndi nkhafi. Mukatsikira kunyanja kukasambira, pewani madzi odikha a m'mabango, muli nkhono za likodzo.

Koma nkhawa yanga ili pakhomo. Inu bambo, mukachoka maola awiri n'kubwerako mukufuna phala ndi madzi osamba, mayi a kunyumba ndiwo alipira mpikisano wanuwo. Si bwino. Gwirizanani masiku. Tsiku losathamanga mangani zigubu panjinga mukatunge madzi, kapena pitani ndinu kuchigayo. Miyendo ilimba chimodzimodzi, ntchito n'kuchepa.

Ndipo Loweruka mayi akafuna kuthamanga nawonso, apongozi asaone chachilendo. Mwana atsale ndi inu, phala muphike nokha.